Luso Nalo Limamva Njala

Mnzanga wacinyamata, ukamva liu lakuti fellowship, ndidziwa kuti maganizo ako amathamangira ku msonkhano wa Loweruka masana, pamene inu anyamata ndi atsikana mumakhala pa mabenci kuseri kwa chalichi, kuimba ndi kukambirana. Inenso ndinakulira pa mabenci omwewo. Koma liu lomweli lili ndi tanthauzo lina limene ndinalidziwa mocedwa, mwai wanga utapita kale. Ndifuna kuti iwe ulidziwe msanga, makamaka ngati uli ndi dzanja lojambula, losema, loumba kapena loluka, kapenanso ngati pagulu panu pali wina wotere. Tsono khala pansi, ndikufotokozere za ine ndi za mwana wa mlongo wanga.

Makala a atate

Ndinabadwira kuno ku Rufunsa, m'dziko la Mfumu Mpanshya, pafupi ndi mseu waukulu wa Great East. Masiku amenewo dera lathu linali pansi pa Chongwe. Linadzakhala boma palokha m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Atate anali oocha makala. Matumba awo ankaima m'mbali mwa mseu kudikira malole ocokera ku Chipata, ndipo ine ndikaweruka kusukulu nchito yanga inali kulondera matumbawo.

Kulondera makala n'kotopetsa. Tsono ndinkatola timakala togwera pansi n'kumajambula pa makatoni ndi pa miyala. Ndinkajambula mabasi, azimai ogulitsa nthoci, mbuzi zodutsa mseu. Tsiku lina dalaivala wina anaona cithunzi ca lole yake pa katoni, anaseka kwambiri, nandipatsa ndalama yacitsulo. Kunyumba amai ankadandaula kuti ndikudetsa khoma limene angozira kumene. Kusukulu aphunzitsi ankandiitana kuti ndiwajambulire mtima wa munthu ndi mapu a Zambia pa bolodi. Aliyense ankati, "Mwana uyu ali ndi dzanja." Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kumene dzanja lotere limapita nalo munthu.

Milungu isanu ndi iwiri ku Lusaka

Nditatsiriza Giredi 12 ndalama za koleji panalibe. Ndinakulunga zithunzi zanga m'thumba la unga, ndinakwera pamwamba pa lole ya makala, ndipo ndinakafikira kwa msuweni wanga ku Mtendere. Nditayendayenda masiku angapo ndinapeza nyumba ina yoonetseramo ndi kugulitsiramo zaluso. Mai amene ankayang'anira malowo anaona zithunzi zanga mofatsa, nati, "Bwera udziphunzira nchito kuno. Malipiro palibe, koma ukakhala nafe caka cimodzi udzadziwa zonse, ndipo anthu adzakudziwa." Mau amenewa anali oona, ndipo anawanena ndi mtima wabwino. Ndinavomera ndi manja awiri.

Kumeneko ndinaona zimene sindinaziganizirepo. Ine ndinkayesa kuti nchito ya zithunzi ndi ya wojambula yekha. Iai. Kuseri kwa cithunzi ciliconse copacikidwa pakhoma kuli anthu ambiri. Pali wosankha zoti zionetsedwe ndi kuziyala kuti zilankhulane. Pali wopanga mafelemu. Pali wosamalira zithunzi zakale kuti ciswe, cinyezi ndi dzuwa zisaziononge. Pali wolemba mau ofotokoza, wophunzitsa ana a sukulu obwera kudzaona, ndi wowerengera ndalama. Zonsezi ndi nchito, ndipo anthu amadya nazo.

Ophunzira tinalipo atatu. Anzanga awiriwo anali ana a m'tauni. Wina ankabwera ndi galimoto ya makolo ake. Ine ndinkadzuka kusanace, n'kuyenda pansi pafupifupi maola awiri, cifukwa ndalama ya minibasi ndinalibe. Masana iwo akapita kukagula cakudya, ine ndinkazungulira kuseri kukamwa madzi pampope. Akandiitana ndinkanama kuti ndikusala kudya. Manyazi, mnzanga, ndi katundu wolemera.

Tsiku limodzi lokha ndi limene ndimalikumbukira ndi cimwemwe. Tinkakonza cionetsero ca zoluka. Pakati pa madengu ndi malicero panali cinthu cacitali ca nsungwi, ndipo pa kapepala kake analembapo kuti ndi conyamuliramo nkhuku. Ndinadzigwira pakamwa kuti ndisaseke. Unali mono! Ambuya anga aamuna ankaluka miono yotere n'kumachera nsomba mu Lunsemfwa. Ndinawaonetsa kukamwa kwake kumene nsomba imalowera koma siingatulukenso, ndi kumbuyo kumene amamasula pocotsa nsombazo. Onse anazungulira kumvetsera. Kapepala kanalembedwanso. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti ngakhale anzangawo ankalankhula Cizungu cosalala, panali zinthu zimene ine ndekha m'nyumba monsemo ndinkazidziwa.

Koma mono sudyedwa. Pa mlungu wacisanu ndi ciwiri mkazi wa msuweni wanga anandiitanira pambali. Anati, "Alamu, unga watha. Kodi kunchito kwanuko salipira?" Ndinayankha kuti ndikuphunzira. Iwo anati, "Kuphunzira n'kwabwino, alamu, koma ana angawa sadya maphunziro anu." Sindinawakwiyire, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. M'mawa mwake ndinakwera lole yobwerera kum'mawa, osatsanzika n'komwe kwa mai uja, cifukwa ndinalibe nkhope yonenera kuti njala yandigonjetsa.

Lero papita zaka zoposa makumi awiri. Ndimalemba zikwangwani za magolosale, zigayo ndi masukulu m'mbali mwa mseu womwewo, kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku mlatho wa Luangwa. Nchito imeneyi yalera ana anga, ndipo sindiinyoza. Mmodzi wa anzanga awiri aja anakhalabe m'nchito ya zionetsero ndipo anapita nayo patali. Anali waluso ndithu, anayenera. Koma cimene cinatilekanitsa sicinali luso. Iye anali ndi kokadya madzulo kwa caka cathunthu, ine ndinalibe.

Tanthauzo lina lija

Tsono fellowship imene ndikunena ndi iyi. Bungwe limasankha wacinyamata amene akungoyamba kumene, n'kumuika pamalo a nchito yeniyeni, monga ku myuziyamu, ku nyumba ya zionetsero kapena pambali pa mmisiri wodziwa, kwa miyezi ingapo kapena caka. Pa nthawi yonseyo amampatsa ndalama ya cakudya, pogona ndi mayendedwe. Si ngongole iai. Amangofuna kuti agwire nchito mokhulupirika, aphunzire, ndipo pamapeto aonetse cimene wacita. Thandizo lina lofanana nalo ndi lolipirira munthu sukulu, ndipo lina ndi lompatsa cipinda cogwiriramo nchito ndi pogona kuti ajambule mtima uli m'malo. Maina amasiyana, koma nzeru yake ndi imodzi: wophunzira asasiye nchito cifukwa ca mimba.

Mabungwe ena amacita dala kufunafuna anthu amene kawirikawiri amatsalira kunja: atsikana, ana a kumidzi, olumala, ocokera m'mabanja osauka kapena m'mitundu imene siimveka. Anafika pa nzeru imeneyi ataona zimene ine ndinaona ku Lusaka. Nchito yophunzirira yosalipira imaoneka ngati citseko cotsegukira aliyense, koma amene amakhalitsa mkati ndi okhawo amene kwao kuli cakudya cokwanira. Zikatero, patapita zaka, onse osankha zithunzi, olemba mbiri yake ndi oyendetsa nyumba zosungiramo cuma ca mtundu amakhala anthu ofanana, okulira m'makwalala amodzi.

Vuto limeneli si la kwathu kokha. Ku America, m'caka ca 2015, bungwe la Mellon Foundation linawerenga anchito a m'mamyuziyamu a zaluso. Linapeza kuti pa anthu 100 alionse okhala pa maudindo osankha zionetsero, osamalira zithunzi, ophunzitsa ndi otsogolera, 84 anali azungu, ndipo akuda anali 4 okha. Ku Los Angeles, zipolowe za mu 1992 zitacitika, bungwe la Getty linayamba mu 1993 kulipira ophunzira a m'makoleji ocokera m'mitundu yotsalira, kuti agwire nchito milungu 10 m'mamyuziyamu ndi m'mabungwe a zaluso a mumzindawo. Acinyamata zikwi anadzera pa khomo limenelo.

Kwathu kuno mpanda waukulu si khungu. Mpanda wathu ndi mtunda, thumba, cilankhulo, ndi kubadwa wamkazi. Kucoka ku Rufunsa kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 150. Kwa mwana wa woocha makala, mtunda umenewu ungafanane ndi wopita kutsidya kwa nyanja.

Amene anagwiridwa dzanja

Kodi unayamba wadutsa pa Yunivesite ya Zambia? Mseu womwewu wodutsa kwathu ndi umene umakafika kumeneko. Pabwalo pake paima ciboliboli cochedwa The Graduate. Anacipanga ndi Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943. Iye anaphunzira zojambula pa Yunivesite ya Makerere ku Kampala, ndipo mu 1972 bungwe la ku Germany lochedwa DAAD linamlipirira kuti akapitirize maphunziro ku Düsseldorf. Anabwerera kwao, nagwira nchito pa yunivesite yathuyo mpaka pamene anamwalira mu 1987. Luso anabadwa nalo, inde. Koma panafunika wina wolipira ulendo ndi pogona kuti lusolo likhwime.

Tayali sanaiwale. Mu 1986, iye pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust. Bungweli lakhala likucita zinthu ziwiri zazikulu: kulipirira amisiri a m'Zambia maphunziro, ndi kugula nchito zao zabwino kuti zisathere kunja kwa dziko. Mu 2018 linatsegula nyumba yakeyake ya zionetsero pa mseu wa Lagos ku Lusaka. Akulu anati kupatsa n'kuika. Amene anathandizidwa anakhala wothandiza ena. Ndipo amisiri a bungwe la Visual Arts Council anacha nyumba yao ya ku Showgrounds dzina lake, Henry Tayali Visual Arts Centre.

Pali enanso a masiku ano. Stary Mwaba, wobadwira ku Chingola, anayamba kujambula modziphunzitsa yekha. Bungwe la KfW Stiftung la ku Germany linamsankha kuti akakhale caka ku Künstlerhaus Bethanien mumzinda wa Berlin, ndipo mu 2015 anaonetsa kumeneko nchito yake yochedwa Life on Mars. Kodi anapita kukajambula za Azungu? Iai. Anawatengera nkhani za kwathu, monga ya Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 ankalota zotumiza anthu a m'Zambia kumwezi. Patapita zaka zingapo bungwe lomwelo linasankhanso Gladys Kalichini, amene anakhala ku Berlin mu 2019 ndi 2020. Iye nchito yake imafunsa cifukwa cake azimai ngati Julia Chikamoneka ndi Alice Lenshina amazimiririka m'mbiri ya dziko lathu. Taona: atapatsidwa mpata mtsikana, anafunsa funso limene amuna ambiri analidumpha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kulowetsa anthu osiyanasiyana m'nchito imeneyi si cifundo cabe kwa wosauka. Nyumba yosungira cuma ca dziko la mitundu yoposa 70 imasowa maso a mitundu yonseyo. Popanda mwana wa ku Lunsemfwa, mono udzakhalabe conyamuliramo nkhuku. Popanda mwana wa Cisoli, ndani adzafotokoze zinthu za Asoli? Madengu ndi mphasa zogulitsidwa pa mlatho wa Luangwa zimakakongoletsa nyumba za m'tauni, koma dzina la woluka sililembedwa paliponse. Adzalilemba ndani ngati si mdzukulu wake?

Kodi si kupemphetsa?

Mnzanga wina wa kumpingo anandifunsa kuti, "Kodi zimenezi si kupemphetsa? Munthu azilipidwa bwanji pamene akuphunzitsidwa?" Ndinamkumbutsa za milungu yanga isanu ndi iwiri ija. Ndinasesa, ndinanyamula, ndinakhoma misomali, ndinapenta makoma, ndinalandira alendo. Imeneyo inali nchito, ndipo nyumbayo inapindula nayo. Kaboyi wa mmisiri wa matabwa amadya nsima kwa mmisiriyo. Wothandiza pa cigayo amalandira kanthu pakutha pa mwezi. Nanga wophunzira zaluso yekha akhale wodya mphepo?

Wina anati, "Kusankha munthu cifukwa ndi wamkazi kapena wa kumudzi ndi tsankho." Ndimayankha kuti amene amasankhidwa amayamba waonetsa nchito ya manja ake, ndipo amapikisana ndi anzake ambiri. Palibe amene amatengedwa cifukwa ca umphawi wokha. Koma ngati awiri ayamba liwiro, wina atasenza thumba la makala, kumtula thumbalo si kumkondera.

Komabe sindifuna kukunamiza. Mipata yotere ndi yocepa, ofuna ndi ambiri. Yambiri imalengezedwa pa intaneti ndiponso m'Cizungu, ndipo kwathu kuno pena umacita kukwera pa culu kuti foni igwire. Ina ili kunja kwa dziko, ndipo imafuna munthu amene wayamba kale kudziwika. Kujambula sikulemeretsa msanga. Amisiri ambiri amaphunzitsa sukulu, amalima kapena amalemba zikwangwani ngati ine kuti apeze ndiwo. Amene angakuuze kuti njirayi ndi yosalala ndi wabodza.

Pansi pa mtengo wa mango

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi wa zaka 19, amene anatsiriza Giredi 12 caka catha. Ndinkadziwa kuti amandithandiza kusakaniza penti, koma sindinkadziwa zimene ankabisa pansi pa mphasa. Tsiku lina ndinapeza kope lake. Munali azimai a pa mjigo, aliyense ndi kaimidwe kake, kotero kuti ndinawazindikira mmodzimmodzi ngakhale ena anawajambula cakumbuyo. Munali ambuya ake akupeta mapira. Munali dzanja la mwana wodwala lili pa bulangeti. Ine ndimajambula cimene ndikuona. Mwanayu amajambula cimene munthu akumva. Ndinakhala pansi, mawondo atalefuka.

Nthawi yomweyo kunabwera mau a cikwati. Mnyamata wake ndi wabwino, mwana wa mwini lole, ndipo palibe coipa cimene ndingamunenere. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, abale onse. Mwa mwambo wathu mau a malume amalemera pa nkhani ya mwana wa mlongo wake, tsono onse anayang'ana ine. Ndinapempha kuti ukwati uyambe wadikira caka cimodzi.

Mlongo wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Amalume ake, inu munapita ku Lusaka ndi zojambula zanuzo. Munabwerako ndi ciani?" Bwalo lonse linati zii. Funsolo linandilasa, pakuti linali loona. Ndinayankha kuti ndinabwerako ndi nsapato zong'ambika, koma ndinabwerakonso ndikudziwa cimene cinandigwetsa, ndipo mwanayu sitidzamtumiza kukagwira nchito ya ulere. Pamenepo mwini wake anagwada, nati, "Amai, amalume, ine ukwati sindikukana. Ndingofuna ndione kaye pamene dzanja langali lingandifikitse." Alamu anga, atate ake, anatsokomola, nati, "Caka cimodzi. Tikakolola caka camawa, nkhaniyi tidzaikambanso pompano."

Tinayamba nchito. Tinasankha zithunzi 15, tinazijambula ndi foni m'mawa pamthunzi. Iye analemba tsamba limodzi lofotokoza za iye mwini ndi cifukwa cake amajambula azimai a pa mjigo. Analemba m'Cinyanja, ndipo mphunzitsi wake wakale anamthandiza kuika m'Cizungu. Vuto linatsala pa ndalama ya ulendo. Apa ndi pamene anzake a gulu la acinyamata anandicititsa manyazi ine wamkulu. Anapita onse Loweruka kukapalira munda wa munthu wina pa ganyu, ndalama yonse n'kumpatsa mnzaoyo. Mutu umodzi susenza denga.

Tinapita ku Lusaka awiri. Tinalowa mu Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. Tinapita ku Showgrounds, tinapita ku mseu wa Lagos. Mwanayu anali asanaonepo cithunzi ca penti cacikulu kuposa citseko. Anaima patsogolo pa cimodzi osalankhula, mpaka ndinacita kumkoka. Pobwerera m'basi anandifunsa kuti, "Amalume, kodi amene amasankha zopacika pakhoma paja amaphunzira kuti? Ine nchito imeneyo ndaikonda kuposa kujambula." Ndinaseka ndekha, misozi ili m'maso.

Pempho loyamba limene tinatumiza linakanidwa. Analira usiku wonse, m'mawa anatenga khasu napita kumunda. Patapita mlungu anatola pensulo. Tatumiza laciwiri, ndipo tatenganso mafomu a maphunziro a koleji. Pamene ndikulemba izi cimanga cayamba ngaiyaye, ndipo tonse m'banja tikudziwa kuti nthawi yokolola ikuyandikira.

Ngati ndiwe, kapena mnzako

Tsono imva zimene ndaphunzira ndi mapazi anga. Coyamba, sunga nchito zako. Usataye kope lakale; lemba tsiku kuseri kwa cithunzi ciliconse, ucisunge pouma, kutali ndi ciswe. Osankha amafuna kuona m'mene wakulira.

Caciwiri, jambula za kwanu. Zithunzi za njovu ndi za dzuwa likulowa zadzaza kale m'misika. Koma ng'anjo ya makala ikufuka utsi m'mamawa, kapena nthunzi ya pa akasupe otentha a ku Chinyunyu, ndani waijambula monga ungaijambulire iwe amene unakulira pomwepo?

Cacitatu, phunzira kufotokoza nchito yako m'mau ocepa ndi oona. Usakope mau a wina. Wowerenga mapempho mazana amazindikira msanga liu la mwini wake.

Cacinai, pita ukaone ndi kudziwana ndi amisiri. Mipata yambiri imamveka pakamwa isanafike patali. Ku Evelyn Hone College kwadzera amisiri ndi aphunzitsi a zojambula ambiri a m'dziko muno, monga Agnes Buya Yombwe, amene pamodzi ndi amuna ake Lawrence Yombwe anatsegula Wayi Wayi ku Livingstone. Funsanso kwanu konko. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina linaikidwa kuti lilipirire acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Mafomu ake amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Pita ukafunse ngati maphunziro amene ufuna angalowemo, kufunsa sikulipiritsa.

Cacisanu, wina akakuitana kuti ukaphunzire nchito, usacite manyazi kufunsa mafunso amene ine ndinaopa kufunsa. Kodi pali malipiro? Ndi angati, ndipo amabwera liti? Ndidzagona kuti? Adzandiphunzitsa ndani? Zonsezi zilembedwe papepala. Kufunsa za ndalama si umbombo. Ndi kuwerengera ngati ulendo uti uthe.

Cotsiriza, cenjera. Pali akathyali amene amatumiza mauthenga pa foni kuti wasankhidwa kupita kunja, ungotumiza kandalama kaye. Mtsikana, usakwere basi kapena ndege pa mau a munthu amene makolo ako ndi akulu a mpingo sanamfufuze. Bungwe loona lili ndi malo odziwika ndi anthu amene anadzerako kale, oti ungawafunse.

Ndipo inu a gulu lonse, tayang'anani pa mabenci anuwo. Ndani amakulemberani nsalu ya msonkhano wa cigawo? Ndani amakongoletsa kutsogolo pa Khirisimasi? Kodi munayamba mwampatsapo ngakhale ya sopo, kapena mumangoti zikomo? Ngati ife eni ake tizolowera kuti luso ndi la ulere, tisadabwe ana athu aluso akamathera m'mbali mwa mseu, akulondera matumba. Fellowship yoyamba ya mwana wa mlongo wanga sinacokere ku Berlin. Inacokera ku makasu a anzake, m'munda wa ganyu, Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo.

Dzulo ndinampeza atakhala pa mtondo wogona, akujambula amai ake akusenda nyemba. Mlongo wanga ankacita ngati sakuona. Koma nditayandikira ndinamva akunena capansipansi kuti, "Mphuno imeneyo si yanga, konza."

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi pagulu panu kapena m'mudzi mwanu muli ndani waluso la manja? Nanga lusolo likumpindulira ciani?

2. Mukadakhala inu pansi pa mtengo wa mango paja, mukadawayankha bwanji amai a mtsikanayu?

3. Kodi ndi zinthu ziti za kwanu zimene mlendo angazifotokoze molakwa ngati inu simulankhula?

4. Kodi gulu lanu lingacite ciani mwezi uno kuti mmodzi wa inu apite kukaona ndi kukafunsa?